Mlandu Suola

Mau a pa msika

M'midzi ya kwa Kaphuka, ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kudzera pa Linthipe kunka ku Dedza, muli mau ena amene amveka kawirikawiri. Amveka pa maliro, pa chigayo, pa mowa ndi pa chitsime. Anthu ati: "Wakuba ukampereka kwa apolisi wangotaya nthawi. Lero umsiya m'chitokosi, mawa umpeza ali kumwa tiyi pa msika, nakuseka." Ena aonjeza kuti: "Boma la masiku ano likonda akuba koposa eni katundu. Kale sizidali chomwechi." Ndipo pa mapeto pa mau onsewa pamatuluka liu limodzi loopsa, lakuti: "Tithane naye tokha."

Kuberedwa kupweteka ndithu, ndipo palibe munthu wanzeru angakane. Mlimi wa ku mapiri a Dedza adzuka mbandakucha m'chisanu cha mwezi wa Juni kukathirira dimba lake. Mbatata ya kachewere imene waisamala miyezi itatu ikumbidwa usiku umodzi. Mbuzi zimene adasungira fizi ya mwana zitsogozedwa mu mdima, khola nkutsala pululu. Thumba la feteleza logula ndi ngongole lisowa lisanamasulidwe nkomwe. Munthu wotereyu akaona amene amganizira ali kuyenda pa msewu, mtima wake uwawa, ndipo kuwawako nkomveka.

Komatu mtima wowawa suweruza bwino. Mau a pa msika aja ndi olakwa, ndipo kulakwa kwake kwaphetsa anthu, ena mwa iwo osachimwa konse. Gwero la zonsezi ndi kusamvetsa chinthu chimodzi chotchedwa belo. Anthu ambiri ayesa belo ndi khomo lothawira akuba. Sadziwa kuti lamulo limene alitukwana pa msika ndilo mpanda wotchinjiriza iwo eni ndi ana ao.

Belo nchiyani?

Munthu akagwidwa ndi apolisi sindiye kuti waweruzidwa. Kugwidwa ndi chiyambi chabe cha mlandu. Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, anena pa ndime 42 kuti wogwidwa auzidwe chifukwa chimene wagwidwira, m'chilankhulo chimene iye amva. Anenanso kuti aonekere pamaso pa bwalo la milandu pasanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba limene bwalo likhala ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Aonjeza kuti munthuyo ayesedwe wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa, ndi kuti akhoza kutulutsidwa kuti adikire mlandu wake ali kwao, pokhapokha ngati chilungamo chifuna kuti asungidwe. Kutulutsidwa kumeneku ndiko kutchedwa belo.

Tsono belo ifanana ndi chingwe chachitali chomangira mbuzi pa dambo. Woona ali patali ayesa mbuziyo ili yomasuka, pakuti ili kudya msipu ndi kuyenda uku ndi uku. Koma chikhomo chilipo, ndipo dzuwa likapendeka mwini akoka chingwe. Wotuluka pa belo alonjeza kufika ku bwalo pa tsiku loikidwa. Kawirikawiri auzidwa kuti azikaonekera ku polisi pa masiku akutiakuti, kuti asachoke m'dera lake popanda chilolezo, ndi kuti asaopseze kapena kunyengerera mboni. Pakhalanso anthu omuimira, abale kapena odziwika, amene alonjeza kuti akathawa iwo adzalipira. Akaphwanya limodzi la malonjezo amenewa agwidwanso, ndipo kupezanso belo kumvuta.

Zimenezi si zachilendo kwa Achewa, Angoni kapena Ayao a m'boma la Dedza. Pa mwambo wa makolo, munthu wopalamula ali ndi mwini wake: malume ake kapena nkhoswe yake, amene aima pamaso pa mfumu nati, "Munthuyu ndi wanga, ndibwera naye pa tsiku la bwalo." Mudzi sunena kuti mfumu yamasula wolakwa chifukwa chakuti wagona m'nyumba mwake usiku umenewo. Onse adziwa kuti mlandu suola. Belo ndi unkhoswe womwewo, wolembedwa pa pepala.

Pali belo ya mitundu iwiri. Pa milandu yaing'ono apolisi akhoza kupereka belo iwo eni, ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere. Wapolisi wopempha ndalama kuti apereke belo ali kupempha chiphuphu. Mtundu wachiwiri uperekedwa ndi bwalo. Nthawi zina bwalo lilamula kuti pasiyidwe ndalama, koma ndalamayo ndi chikole, si dipo logulira mlandu ayi. Ilembedwa pa risiti, ndipo ibwezedwa mlandu ukatha ngati mwini wake adasunga malonjezo. Anthu akaona m'bale wa wogwidwa ali kugulitsa nkhumba kuti apeze chikole chimenechi, athamangira kunena kuti wagula woweruza. Nthawi zambiri sizili choncho.

Ndiponso belo si ya aliyense. Lamulo la mu 2000 lolongosola za belo liuza bwalo kuti liganizire ngati wogwidwayo angathawe, ngati angasokoneze mboni kapena kuononga umboni, ndi ngati angaike moyo wa anthu ena pa ngozi. Pamene pali zifukwa zotere bwalo likhoza kumkaniza. Koma woweruza sakhala m'mudzi. Sadziwa kuti munthuyo adathawapo kale, kapena kuti adaopseza mkazi wamasiye amene adamuona ali kutsegula khola, ngati palibe wofika kudzauza apolisi ndi woimira Boma pa mlandu. Mudzi ukakhala chete pa tsiku loyenera kulankhula, usadabwe pamene munthuyo abwerera.

Pa mlandu wakupha munthu, apolisi ndi majisitireti alibe mphamvu yopereka belo. Mphamvu imeneyo ili ndi Bwalo Lalikulu lokha. Ngakhale zili chomwecho, mu Febuluwale 2016 anthu a ku Machinjiri mu mzinda wa Blantyre adatentha bwalo la majisitireti la South Lunzu, poopa kuti amuna atatu oimbidwa mlandu wakupha angapatsidwe belo. Adatentha nyumba yoweruziramo milandu yao yomwe, chifukwa cha chinthu chimene bwalolo lidalibe mphamvu yochita. Umo ndimo kusadziwa kuonongera.

Nanga amene amasulidwadi?

Wina adzati: "Zonsezo zamveka, koma alipo akuba odziwika amene mlandu wao udathera m'malere." Inde alipo. Funso ndi lakuti, adaumaliza m'malere ndani?

Malamulo a dziko lino sanyengerera wakuba. Kuba wamba chilango chake chifika zaka 5 m'ndende. Kuba ziweto, monga ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba, chilango chake chifika zaka 14. Wolandira kapena kugula katundu akudziwa kuti ndi wakuba nayenso ali ndi mlandu waukulu. Lamulo lokhala ndi mano otere silinganenedwe kuti likonda akuba. Koma mano amenewa saluma popanda umboni. Woweruza sadaone mbuzi ili kubedwa. Adziwa zokhazo zimene mboni zamuuza pamaso pa onse, zitalumbira.

Tsono chimene chichitika kawirikawiri ndi ichi. Pa tsiku logwira wakuba mudzi wonse ulipo, ndi zibonga ndi mfuu. Pa tsiku la bwalo palibe ndi mmodzi yemwe. Wina ati ulendo wa ku Dedza ndi wautali ndipo ndalama ya galimoto palibe. Wina ati ali ndi ntchito ya kumunda. Wina aopa abale a wogwidwayo, pakuti ndi apongozi ake. Mwini mbuzi uja, atalandira kangachepe m'seri, apita kukanena kuti mlanduwo wausiya. Nthawi zina mbuzi yopezekayo, imene ikadakhala umboni, yaphedwa kale nidyedwa. Woweruza aitana mboni kamodzi, kawiri, katatu, osaoneka munthu. Pamenepo achitenji? Kodi atsekere munthu zaka 14 chifukwa cha mau omwe adamveka pa chitsime? Ammasula, monga lamulo limlamulira. Madzulo ake omwe aja adakana kukachitira umboni ndiwo ayamba kufuula kuti Boma likonda akuba.

Kumenya wogwidwa kuti avomere nakonso kuononga mlandu. Munthu womenyedwa avomera chilichonse, ngakhale kuba ng'ombe imene siidabadwe. Akafika ku bwalo akana, naonetsa mabala ake, ndipo woweruza afunanso umboni wina. Ngati umboniwo palibe, zibonga zija zathandiza wakubayo, ndipo omenyawo atsala ndi mlandu wovulaza munthu.

"Kale sizidali chomwechi"

Akuluakulu ena akumbukira masiku a chipani chimodzi, nati nthawi imeneyo wogwidwa sankabwerera, ndipo m'midzi mudali bata. Zoona, mantha adali ambiri masiku amenewo, ndipo mantha aletsa zinthu zina. Koma mphamvu yotsekera munthu popanda bwalo siidasankhe akuba okha. Mbiri ya dziko lino ichitira umboni.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza za nthawi ya ngozi m'Nyasaland. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuweruzidwa, ena ku Kanjedza, ena kunja kwa dziko. Dr. Kamuzu Banda mwini adasungidwa ku Gwelo kufikira Epulo 1960. Anthu amenewo sadabe mbuzi ya munthu. Mlandu wao udali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Dziko litalandira ufulu padachitikanso china. Kuyambira 1968 kufikira 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zao m'madera a Blantyre, makamaka ku Chilobwe. Mantha adagwira mzinda wonse, ndipo mphekesera zidawanda zakuti Boma lili kutenga magazi a anthu kukabwezera ngongole ku South Africa. Amuna asanu adaimbidwa mlandu, koma Bwalo Lalikulu lidawamasula chifukwa umboni udali wosakwanira. Padamveka mfuu yonga ya masiku ano, yakuti oweruza ateteza zigawenga. Mu 1969 lamulo lidasinthidwa, ndipo mabwalo a makolo a m'zigawo adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu yakupha, pambuyo pake ndi youkira Boma. M'mabwalo amenewo woimbidwa mlandu sadaloledwe kukhala ndi loya. Mu 1970 apolisi adagwira munthu wina, Walla Laini Kawisa, amene adavomera kupha ena mwa anthu aja. Amuna asanu aja akadaperekedwa kwa gulu pa tsiku la mkwiyo, ndani akadawabweza?

Chibonga chimene chidasemedwa kuti chimenye zigawenga chidagwa pa mitu ina. Orton Chirwa, amene adali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko lino, adaweruzidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera m'bwalo lotere mu 1983, popanda loya wowaimira. Iye adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mkazi wake adatuluka mu 1993. Mphunzitsi ndi mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Enanso ambiri, anthu wamba a m'midzi amene maina ao salembedwa m'mabuku, adatengedwa kunka ku Dzaleka ndi kwina chifukwa cha kunenezedwa ndi mnansi wanjiru. Ngati nduna yodziwa malamulo idasowa pothawira, mlimi wa kachewere akadathawira kuti?

Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo ndime 42 idalembedwa ndi anthu amene zonsezi zidali chikhalire m'maso mwao. Maola 48 aja sadaikidwe chifukwa chokonda akuba. Adaikidwa chifukwa cha amayi amene adadikira ana ao zaka ndi zaka osadziwa kumene ali. Munthu wopempha kuti wogwidwa asamabwerere ali kupempha masiku amenewo, ndipo sadziwa kuti adzayambira pa khomo la yani.

Gulu silifunsa

Pamene anthu ataya chikhulupiriro mwa bwalo, gulu litenga malo ake. Nanga gulu liweruza bwanji? Mu Epulo 2016 ofesi ya bungwe la United Nations yoona za ufulu wa anthu idadandaula kuti m'miyezi iwiri yokha anthu 16 adaphedwa ndi magulu m'Malawi. M'chaka chomwecho, mu Januwale, nkhalamba zinayi za banja limodzi zidaphedwa ku Neno poganiziridwa kuti zidatumiza mphezi imene idapha mtsikana. Mu Malichi anthu asanu ndi awiri adatenthedwa ku Nsanje. Ndipo pa 28 Malichi, m'boma lomwe lino la Dedza, gulu lidathyola polisi, lidatulutsa munthu woimbidwa mlandu wakupha m'chitokosi, nkumupha. Munthuyo sadali pa belo ayi. Adali m'manja mwa Boma, ali kudikira bwalo. Apa paoneka poyera kuti gulu likakwiya silisamala ngakhale lamulo lili kugwira ntchito yake.

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, nizifalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu kufikira ku Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa, mmodzi wa iwo munthu wodwala khunyu. Antchito othandiza anthu adachotsedwa m'madera ena poopa moyo wao. Palibe bwalo limene lidalandira umboni wa namapopa ngakhale mmodzi. Amene adalowa m'ndende ndiwo aja adanyamula miyala, pakuti apolisi adagwira anthu oposa 100.

Aliyense ayang'ane bwino amene amafa m'manja mwa gulu. Ndi mlendo amene wasokera njira usiku. Ndi wodwala misala amene sadziwa kuyankha. Ndi gogo wosauka wopanda ana aamuna omteteza. Ndi mnyamata amene adalimbirana dimba kapena mkazi ndi mnzake, mnzakeyo nkungofuula kuti "Wakuba!" Liu limodzi limenelo likwanira. Gulu silifunsa dzina, silifunsa mboni, silimva mbali yachiwiri. Bwalo likalakwa pali apilo, ndipo wotsekeredwa molakwa akhoza kutuluka. Moto ulibe apilo.

Ngakhale wogwidwayo atakhala wakuba weniweni, kumupha kupindulira akuba anzake. Mbuzi yobedwa usiku kwa Kaphuka siidyedwa ndi mnyamata mmodzi. Pali woilandira, pali woinyamula, pali woipha ndi kuigulitsa pa msika wakutali. Mnyamata wogwidwayo ndiye adziwa maina ao. Akafa, maina afera naye pamodzi, ndipo wamkulu wa malondawo apeza mnyamata wina sabata yomweyo. Mudzi wathyola nthambi, muzu wausiya.

Pomaliza, lamulo silidziwa mau akuti "tidali ambiri." Anthu akagwirizana kuchita choipa, munthu nkufa, onse ali ndi mlandu wakupha: woponya mwala, wobweretsa petulo, ndi wosonkhezera. Chilango chake chikhoza kukhala ndende ya moyo wonse. Motero chifukwa cha mbuzi imodzi mudzi utaya wakufayo, utayanso amuna asanu kapena khumi amene agwidwa, ndi ena amene athawira ku Mozambique kusiya minda ili yosalima. Ana ao ndiwo alipira. Ndipo chidani cha pakati pa mabanja awiriwo chikhala kufikira adzukulu.

Madandaulo oona

Sikuti zonse za apolisi ndi mabwalo zili bwino. Apolisi ndi ochepa, ndipo midzi ya m'mapiri ili kutali. Nthawi zina aitanidwa nafika mochedwa, ati galimoto ilibe mafuta. Alipo ena mwa iwo olandira ziphuphu. Milandu ichedwa, ndipo wodandaula kawirikawiri sauzidwa kuti wogwidwa uja watuluka pa belo, kapena tsiku limene mlandu udzalowa. Angomuona pa msika. Kusalankhula kumeneku ndiko kubala mphekesera, ndipo apa apolisi ndi akalaliki a mabwalo ali ndi ngongole kwa anthu. Boma limene lifuna kukhulupiriridwa liyenera kufotokoza ntchito zake m'chilankhulo cha anthu, ndi kulanga poyera antchito ake osakhulupirika.

Koma denga likadontha, mwini nyumba satentha nyumba. Akwera ndi udzu nafolera. Zoipa za apolisi zili ndi njira zake. Pali mkulu wa polisi wa pa boma, amene ayenera kumva dandaulo lokhudza wapolisi wake. Pali bungwe lapadera lomva madandaulo okhudza apolisi, lotchedwa Independent Complaints Commission, limene lidakhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la mu 2010. Pali Anti-Corruption Bureau yofufuza za ziphuphu, pali ofesi ya Ombudsman, ndipo pali Legal Aid Bureau yothandiza osauka pa milandu. Njira zimenezi ziyenda pang'onopang'ono, koma ziyenda bwino koposa pamene mudzi wonse, ndi mfumu yake patsogolo, upereka dandaulo lolembedwa, lotchula tsiku, malo ndi dzina. Mudzi umene ugwetsa polisi yake chifukwa cha mkwiyo udzayenda mtunda wowirikiza tsiku limene mwana wake adzagwiriridwa.

Ena ati wogwidwa aliyense azingosungidwa m'ndende kufikira mlandu wake utatha. Amenewa sadaone m'kati mwa ndende za dziko lino. Mu 2009, pa mlandu umene adadula mkaidi Gable Masangano, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende ndi nkhanza yosayenera munthu, ndipo lidalamula Boma kuti lichepetse chiwerengero cha akaidi. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu anenanso kuti pa mlandu wa kwa majisitireti munthu asasungidwe koposa masiku 30 mlandu usanayambe, pokhapokha bwalo litaonjezera nthawi. Mnyamata woganiziridwa kuba nkhuku akagona miyezi pakati pa zigawenga zenizeni, atuluka ataphunzira ntchito imene sadaidziwe polowa. Ndipo ngati apezeka wosalakwa, ndani adzamubwezera nyengo ya dzinja imene munda wake udagona? Belo isunga malo a m'ndende kuti akhale a anthu oopsadi.

Chimene mudzi uyenera kuchita

Lamulo silimanga manja a mudzi. Munthu wamba ali ndi mphamvu yogwira amene wampeza ali kuba, kapena amene pali chifukwa chomveka chomganizira mlandu waukulu. Chofunika ndi chakuti amupereke kwa apolisi mosachedwa, ali wamoyo ndi wosavulazidwa. Kuyambira 1997 dziko lino lili ndi ndondomeko ya chitetezo cha m'midzi, momwe anthu asankha anzao okhulupirika kuti azilondera ndi kugwirizana ndi apolisi. Alonda amenewa ndi maso ndi makutu a mudzi. Si oweruza, ndipo alibe chilolezo chomenya munthu kapena kumlipiritsa.

Tsono wakuba akagwidwa, nyakwawa iitanidwe msanga, ndipo wogwidwayo asungidwe m'nyumba, kutali ndi gulu. Katundu wopezeka naye asungidwe monga momwe alili, ndipo ngati ndi chiweto chionetsedwe kwa apolisi chisanabwezedwe kwa mwini wake. Maina a amene adaona ndi maso alembedwe tsiku lomwelo, mitima isanazizire. Apa ndipo pali ntchito ya iwo amene aphunzira kulemba ndi kuwerenga atakula: munthu mmodzi wokhala ndi kope ndi pensulo athandiza mlandu koposa anthu makumi awiri okhala ndi zibonga. Wodandaula afunse dzina la wapolisi wofufuza, nambala ya mlandu ndi tsiku la bwalo, ndipo azilembe. Ngati pali chifukwa choopera kuti wogwidwayo adzathawa kapena kubwezera, chinenedwe belo isanaperekedwe. Ngati atuluka nayamba kuopseza mboni, apolisi auzidwe pomwepo, pakuti kumeneko ndi kuphwanya belo.

Ndipo pa tsiku la bwalo mboni zipite. Mudzi umene usonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pa maliro ukhoza kusonkhanso ndalama ya ulendo wa mboni ziwiri kunka ku Dedza. Mutu umodzi susenza denga. Akuba awerenga mudzi monga mlimi awerenga mitambo. Saopa kwambiri mudzi umene uphulika kamodzi pa chaka nkupha munthu mmodzi, mwina wolakwika. Aopa mudzi umene mboni zake zifika ku bwalo nthawi zonse, pakuti kumeneko wobayo apita zaka, ndipo atchula anzake.

Mafumu ali ndi udindo waukulu pa zonsezi. Nyakwawa kapena gulupu amene aima chete pamene anthu ake ali kutola miyala wataya ufumu wake tsiku lomwelo, pakuti ufumu ndi kumva mbali zonse ziwiri. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi ndi anamkungwi nawonso alankhule, makamaka kwa anyamata, amene ndiwo atsogola pa gulu ndipo ndiwo atsala m'ndende.

Munthu aliyense wa kwa Kaphuka ali ndi mwana, mlongo kapena mphwake amene ayenda usiku kuchokera ku msika, kapena amene adapita ku Lilongwe, ku Blantyre kaya ku Johannesburg kukafuna ganyu, kumene palibe womdziwa. Tsiku lina wina adzamloza chala nafuula. Pa tsiku limenelo mayi wake sadzapempha moto. Adzapempha kuti mwana wake afike kwa apolisi ali wamoyo, kuti aonekere ku bwalo pasanathe maola 48, kuti pafunidwe mboni, ndi kuti apatsidwe belo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene mayiyo adzapemphera mwana wake, mudzi uchipereke lero kwa mwana wa mnzake. Ngati ndi wolakwa, bwalo lidzampeza, pakuti mlandu suola.